Kagalimoto kathu sikanafe, timangokakoka

Mwezi watha ndinalonjeza kuti ulendo uno tikambirana za mafoni a ana ndi momwe tingatsekere zinthu zosayenera. Pepani, nkhani imeneyo idikire kaye. Chiikireni chithunzi cha ulendo wathu wa ku Scotland pa WhatsApp, foni yanga sinapume. Amalume ku Harare, mlongo wanga ku Johannesburg, anzanga a kutchalitchi kuno ku Leeds, onse funso ndi limodzi: "Kodi kagalimoto kali kumbuyoko kafa?"

Sikanafe ayi. Kali bwinobwino, m'mawa uno kapita kukasiya ana kusukulu.

Koma sindikukudabwani. Kwathu galimoto ikakhala kumbuyo kwa inzake ndiye kuti yafa basi. Tonse tinazionapo pa M1: pikapu kutsogolo, chingwe pakati, kumbuyo munthu wagwira chiwongolero thukuta lili kamukamu, phazi pa buleki. Kuno ku Britain nkhani ndi ina. Anthu okhala ndi motorhome, zigalimoto zija zokhala ndi bedi, khitchini ndi chimbudzi m'kati, amakoka kagalimoto kakang'ono dala, kuti akafika komwe akupita chinyumbacho chikhale pamalo, iwo aziyendera kakang'onoko. Ife tayesa chaka chino. Ndiye ndati ndikuuzeni zonse, zokoma ndi zowawa zomwe, wina asanataye ndalama zake chifukwa cha chithunzi changa.

Chinatiyambitsa n'chiyani

Motorhome yathu ndi yakale, ya 2012, yomangidwa pa Fiat Ducato ngati zambiri zomwe mumaziona pamsewu. Tinagula mosonkherana ndi alamu anga, ndipo timasinthana masabata. Kunyumba timangoitchula kuti Chinyumba. Kutalika kwake ndi mamita 7, msinkhu pafupifupi mamita 3.

Mu Epulo amayi anabwera kuchokera ku Mulanje kudzakhala nafe miyezi isanu ndi umodzi. Bondo lawo lakumanzere limavuta, sangayende mtunda wautali. Pa holide ya mu Meyi tinawatenga kupita ku Lake District, kufupi ndi Keswick, ine ndili ndi mtima woti amayi akaone dziko.

Malo ogonera anali mamailosi awiri kuchokera m'tauni. Apa m'pamene ndinaona vuto la Chinyumba. Ukafika umachikweza pa timatabwa kuti chisapendekeke, umalumikiza magetsi, umatsegula gasi, umatambasula chinsalu cha mthunzi, mapoto ndi makapu zimatuluka m'makabati. Ndiye wina anene kuti buledi watha. Zonse zija uzibwezeretsenso m'malo mwake, theka la ola latha. Ukafika m'tauni, malo ambiri oimikapo magalimoto ali ndi chitsulo chopingasa pamwamba, cha mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono. Chinyumba sichilowa. Timisewu tokongola tomwe anthu amapitira kumeneko, monga Hardknott Pass yomwe malo ena ndi yotsetsereka 30 peresenti, n'tosayerekeza n'komwe.

Ife ndi ana tinkayenda wapansi. Amayi anakhala masiku atatu pampando panja pa Chinyumba, atafunda bulangete. Tsiku lobwerera anandifunsa modekha: "Iwe, ndachoka ku Mulanje konse kuja kudzaonerera nkhosa?"

Anaseka, koma ine zinandilowa.

Malata angati?

Mayi a kunyumba ali ndi Toyota Aygo yomwe amapitira kuntchito. Ndi kagalimoto ka mamita 3.4, injini ya lita imodzi, ka giya wamanja. Kameneka ndi abale ake awiri, Peugeot 107 ndi Citroën C1, tinkapangidwa pa fakitale imodzi ku Kolín m'dziko la Czech Republic kuyambira 2005, ndipo pamodzi ndi Fiat 500 ndi Smart ndi timene mumationa kawirikawiri kumbuyo kwa ma motorhome. Chifukwa chake n'chimodzi: n'topepuka, tambiri sitifika tani imodzi.

Njira yokokera yomwe ambiri amatsata kuno ndi A-frame, chitsulo chooneka ngati chilembo A. Miyendo yake iwiri imagwira kutsogolo kwa kagalimoto, nsonga yake imakola pa chitsulo chokokera cha motorhome. Kagalimoto kamayenda ndi matayala ake onse anayi, m'kati mulibe munthu.

Nditafunsa mitengo ndinakhala kaye pansi. Chitsulo chokokera pa Chinyumba, A-frame, makina a mabuleki, mawaya ndi ntchito ya amakaniko, zonse pamodzi zinatidyera ndalama zoposa £2,500. Ndiye muzikumbuka kuti ku Mulanje kuli nyumba yomwe tikumanga, yafika pa lintala, ikudikira denga.

Amayi atamva sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Ndalama imeneyo ndi malata angati?" Ndinawerengera mumtima, ndinapeza yankho, koma sindinalitchule. Aliyense wa inu amene ali kunja kuno akulidziwa funso limeneli. Ukagula jekete labwino, ukatengera ana ku kanema, kumbuyo kwa mutu kumakhala mawu akuwerenga malata ndi matumba a simenti.

Amene anamasula nkhaniyi ndi mayi a kunyumba. Anati, "Inu bambo, denga tidzafolera chaka chamawa. Koma amayi sitikudziwa ngati adzakwerenso ndege ndi bondo limeneli." Alamu anga anavomera kulipira theka la chitsulo cha pa Chinyumba. Tinapanga.

Zomwe lamulo likunena

Paja safunsa anadya phula, ndiye ndisanalipire ndinawerenga. Nazi zomwe muyenera kudziwa ngati muli ku England, Scotland kapena Wales. Ku Northern Ireland malamulo a laisensi ndi osiyana pang'ono.

Choyamba, kagalimoto kakangokoledwa pa A-frame, a Department for Transport amakatenga ngati ngolo. Ngolo yoti ikadzaza imaposa 750 kg imayenera kukhala ndi mabuleki ogwira ntchito, ndipo timagalimoto tonse ndatchula tija timaposa pamenepo. Choncho chitsulo chokha sichikwanira. Pamafunika makina oti mukaponda buleki kutsogolo, kumbuyonso agwire. Athu ndi amagetsi, amakoka buleki ya Aygo ngati pali phazi losaoneka. Pamakhalanso kachingwe kena koti, Mulungu asalole, kagalimoto katamasuka panjira, mabuleki amange okha. Zitsulo zotchipa zomwe mumaziona pa intaneti, zopanda mabuleki, n'zokokera galimoto yakufa kuichotsa pangozi, osati zopitira ku holide.

Chachiwiri ndi laisensi. Laisensi wamba ya gulu B imakulolani kuyendetsa galimoto yosaposa 3,500 kg. Kuyambira pa 16 Disembala 2021, simufunikanso mayeso apadera kuti mukoke ngolo yosaposa 3,500 kg. Azigogo achizungu omwe mumawaona ndi zigalimoto zikuluzikulu aja, ambiri anakhoza mayeso chisanafike chaka cha 1997, ndipo laisensi yawo imafika 7,500 kg. Ife ambiri tinabwera mochedwa. A ku Zimbabwe ndi South Africa amangosinthitsa laisensi yawo, ife a ku Malawi timayendera yakwathu miyezi 12 kenako mayeso. Njira zonse ziwiri zimakufikitsani pa 3,500 kg pomwepo. Musagule motorhome yoposa apo musanaone kumbuyo kwa laisensi yanu.

Chachitatu, liwiro. Mukamakoka, pa motorway ndi pa misewu yogawidwa pakati malire ndi 60 mph, pa misewu wamba ya kunja kwa tauni ndi 50 mph. Pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa, mzere wa kumanja kwenikweni simuloledwa kulowamo.

Chachinayi, kumbuyo kwa kagalimoto kumayenera kuoneka nambala ya motorhome, osati yake, komanso timagalasi tiwiri tofiira ta makona atatu. Magetsi a buleki ndi ma indiketa ake azitsatira a kutsogolo. Mukamasula, musaiwale kuchotsa nambala ija musanalowe m'tauni. Ndipo a inshuwalansi onse awiri, a motorhome ndi a kagalimoto, auzeni. Kagalimoto kasinthidwa, ayenera kudziwa.

Chomaliza, izi ndi za kuno. Ku Spain apolisi salola A-frame, amakulamulani kumasula pomwepo wina ayendetse. Amene mumalota zowoloka nyanja, ganizani za ngolo yeniyeni yokwezapo kagalimoto.

Tsiku la sikelo

Kuntchito, ndisanakhudze kompyuta ya munthu ndimayamba ndaona manambala. Apanso n'chimodzimodzi. Pa motorhome iliyonse pali kachitsulo kolembedwa manambala anayi, nthawi zambiri m'boneti kapena pafupi ndi chitseko. Yoyamba ndi kulemera komwe galimotoyo isapitirire ikadzaza. Yachiwiri ndi kulemera kwa galimoto pamodzi ndi chomwe ikukoka. Ziwiri zinazo ndi za matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Chenjerani, timachitsulo timakhala tiwiri: ka Fiat ndi ka kampani yomwe inamanga nyumbayo. Komvera ndi ka omanga nyumba, ndipo nthawi zina manambala ake amakhala otsikirapo.

Kwa ife nambala yachiwiri sinali vuto, Aygo inakwana ndi malo otsala. Inandigwetsa ulesi ndi yoyamba.

Kutatsala sabata kuti tinyamuke, tinalongedza zonse ngati tikupita, tonse asanu tinakwera, ndipo tinapita pa sikelo ya magalimoto. Masikelo oterewa alipo m'madera ambiri, mumalipira kandalama kochepa, amakupatsani kapepala. Kathu kanati 3,620 kg. Tinali titapyola ndi 120 kg tisanagule ngakhale nyama.

Zinachokera kuti? Tanki ya madzi ya malita 100 ndi 100 kg. Chitsulo chokokera chomwe tinangoikitsa chili ndi kulemera kwake, ndipo chonse chimatsamira kumbuyo. Njinga za ana, mabotolo awiri a gasi, mipando, mbaula yootchera nyama, mapoto a nsima atatu. A DVSA kapena apolisi akakuimitsani mutapyola, pali chindapusa, ndipo akhoza kukuletsani kupitirira mpaka mutatsitsa katundu. Koma kwa ine chachikulu sichinali chindapusa. Ndi mabuleki pa chitsetso, ana ali m'kati.

Tinataya madzi n'kutsala malita 20, popeza kulikonse kogona kuli mpopi. Njinga ndi botolo limodzi la gasi zinatsala. Nditagwira thumba la ufa la 10 kg, amayi anandiyang'ana osalankhula. Ndinalibweza. Ulendo wachiwiri pa sikelo, 3,480 kg.

Tsiku lomwelo amayi anazungulira Aygo, n'kusuzumira m'kati. "Malamba ndi anayi. Ife tilipo asanu." Abale, ndinawerenga malamulo onse aja, ndinayeza chilichonse, koma ichi sindinachiganize. Aygo ndi ya anthu anayi basi. Kwathu Sienta imanyamula mudzi wonse ndi mbuzi yomwe, koma kuno aliyense ndi lamba wake, ndipo mwana wosafika zaka 12 kapena masentimita 135 amafunika mpando wake. Tinagwirizana kuti malo apafupi tizipita maulendo awiri, akutali wamkulu mmodzi azitsala. Inu musanagule, werengani malamba m'magalimoto onse awiri, osati mabedi.

Kukola ndi kumasula

Ndinalemba ndondomeko papepala, ndinaliika m'pulasitiki, lili pa chitseko. Mayi a kunyumba amawerenga mokweza, ine ndimachita. Anthu amatiseka, koma kuntchito ndaona anthu odziwa bwino akuzimitsa ofesi yonse chifukwa chodumpha sitepe imodzi.

Imikani pamalo osatsetsereka. Kolani chitsulo, tsimikizani kuti chatseka. Lumikizani waya wa magetsi ndi kachingwe ka ngozi kaja. Mukatero m'pamene mulowe m'kagalimoto: giya pa fili, kiyi mutembenuze pang'ono kuti chiwongolero chisakhomeke, ndipo chomalizira tsitsani handibuleki. Pomasula n'mosemphana, handibuleki ndiye woyamba. Mukasokoneza apa, kagalimoto kadzakutsatirani kapena kukuthawani.

Chiwongolero chikakhomeka, matayala akutsogolo satha kutsatira pokhota, amangokwekwerezeka. Handibuleki mukaiwala, injini ya dizilo ya Ducato siimva n'komwe, imangokoka, inu mudzadziwa ndi fungo. N'chifukwa chake tikamanyamuka mayi a kunyumba amaima panja, ine ndimayenda mamita angapo n'kukhota pang'ono, iwo akuona ngati matayala onse anayi akuzungulira. Tinaikitsanso kamera kumbuyo, chifukwa Aygo ndi yopapatiza kuposa Chinyumba, pa magalasi a m'mbali sioneka.

A magalimoto a otomatiki samalani kwambiri. Ambiri mwa iwo mafuta a m'giyabokosi amazungulira pokhapokha injini ikulira, ndiye kuwakoka mtunda wautali matayala ali pansi n'kupha giyabokosi. Buku la galimoto yanu likuuzani.

Masiku oyamba zonsezi zinkatitengera mphindi 25. Pano 10 zimakwana.

Ku Blantyre kwinaku

Tinanyamuka kumayambiriro kwa Ogasiti. Kuchokera ku Leeds tinadzera A1(M), kenako A66 kudutsa mapiri mpaka ku Penrith, M6, n'kulowa Scotland. Zonse pamodzi tinali otalika pafupifupi mamita 12, ngati basi. Pa msewu woongoka sumva kanthu, koma pa mtunda injini imalankhula, ndipo dizilo amatha msanga. Pokhota umayamba wapitirira pang'ono. Amayi ankayang'anitsitsa kamera n'kumati kagalimotoko kakuoneka ngati mbuzi yopita kumsika.

Malo oyamba anali Blantyre. Inde, Blantyre weniweni, katauni ka m'mbali mwa mtsinje wa Clyde kufupi ndi Glasgow, komwe David Livingstone anabadwira mu 1813. Amishoni a Church of Scotland atakhazikitsa mishoni yawo kwathu mu 1876 anaitcha dzina limeneli. Nyumba yomwe anabadwiramo ilipo, ndi malo osungirako mbiri, ndipo banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Amayi, omwe ndi a Mvano kuyambira ndisanabadwe, ankafunitsitsa kuona pamenepa.

Tinagona chapatali pang'ono, m'mawa tinamasula Aygo kuti tipite. Kiyi, zii. Batire yafa.

Bambo wina wachikulire wa pamalo oyandikana nafe anabwera ndi mawaya osafunsa zambiri, inalira. Madzulo ndinatulutsa kamita kanga ka kuntchito. Kagalimoto kakamakokedwa, kiyi amakhala m'kati ndipo makina a mabuleki amadya magetsi, pomwe injini yake sikulira. Pali waya wochokera ku Chinyumba woti uzidyetsa batire panjira, koma fyuzi yake inali itapsa, mwina kuyambira tsiku loyamba. Kanthu ka ndalama yosakwana paundi. Ndinasintha, ndinagula zina zisanu, ndinagulanso kabatire konyamula m'manja kodzutsira galimoto. Kuyambira tsiku limenelo, paliponse tikaima ndimayamba ndaliza Aygo.

Amayi anaiona nyumba ya Livingstone. Anakhala nthawi yaitali m'chipinda chija, kenako anati, "Kani nawonso anali osauka."

Walira mvula walira matope

Tsiku lachitatu tinalowera kumpoto pa A82, m'mbali mwa Loch Lomond. Kupitirira Tarbet msewu umapapatiza, thanthwe mbali iyi, madzi mbali inayo, malole akubwera kutsogolo. Ndinayenda pang'onopang'ono, ndipo paliponse pomwe panali malo ndinkapatuka kuti a kumbuyo adutse.

Cholakwa ndinachipanga ndekha titayandikira. Ndinkatsatira mapu a pafoni, ine munthu wa makompyuta amene ndimauza anthu tsiku ndi tsiku kuti makina amangodziwa zomwe wawauza. Mapu wamba a pafoni sadziwa kuti ndiwe wamtali mamita 3 ndi wotalika mamita 12. Anandionetsa njira yachidule, ndinakhota. Kamsewu kanayamba kuchepa, udzu pakati, mpanda wa miyala mbali zonse. Patsogolo, mlatho wa sitima wokhala ndi chikwangwani cha msinkhu. Sitikanakwana.

Apa ndiye pali chinthu chomwe aliyense woganiza za A-frame ayenera kuchimva bwino: simungabwerere m'mbuyo. Matayala akutsogolo a galimoto anapangidwa kuti aziwongoka okha ikamapita kutsogolo. Mukaikankha chammbuyo popanda wogwira chiwongolero, amapindikira mbali imodzi mpaka kumapeto, ngati tayala la trolley ya mu shopu. Mukakakamiza, mupinda chitsulo kapena kuthyola china chake. Mita imodzi mwina, kuposa apo ayi.

Mvula inali ikugwa, ya ku Scotland ija yobwera chammbali. Tinatsika. Handibuleki, mawaya, chitsulo, nambala. Kumbuyo kwathu kunaima thirakitala ndi magalimoto awiri. Onsewo anayenera kubwerera kaye kuti mayi a kunyumba abweze Aygo mpaka pa geti la munda, kenako ine ndibweze Chinyumba, iwo akundikodola ndi manja atanyowa chinyowere. Timizimu touluka ta kumeneko, ma midge, tinapeza phwando pa nkhope zathu. Palibe anaimba hutala. Wa thirakitala anangokweza chala chimodzi podutsa. Ndikanakonda akanandikalipira.

Titakwera, m'galimoto munali zii. Kenako mayi a kunyumba anati, "Bambo, foni ija ndipatseni." Mpaka lero njira amaona ndi iwo, usiku wake, pa buku la mapu ndi pa pulogalamu yomwe umalembamo msinkhu ndi kutalika kwa galimoto. Ngakhale pothira mafuta timayamba taona potulukira tisanalowe.

Chomwe tinapitira

Tinakhala masiku asanu ku Glen Nevis, kufupi ndi Fort William. Chinyumba tinachikhazika kamodzi, sichinasunthenso. Apa m'pamene kagalimoto kanabweza ngongole.

Msewu wa m'chigwa chimenechi ukamapita kumtunda umasanduka wa galimoto imodzi, wokhala ndi timalo topatukirana. Aygo inkangodutsa ngati njinga. Amayi anafika mpaka kumapeto kwa msewu, anaona mathithi, anaona ng'ombe za ubweya wautali zija. Nditawalozera Ben Nevis n'kunena kuti ndi phiri lalitali kuposa onse mu Britain, mamita 1,345, anayang'ana n'kufunsa, "Lonse ndi lomweli?" Munthu wokulira pansi pa Sapitwa, wa mamita 3,002, simungamunamize. Tsiku lina mayi a kunyumba anawatenga ndi ana pa A830 kukaona mlatho wa sitima wa Glenfinnan mpaka ku doko la Mallaig, ine ndinatsala kuchapa. Anabwera ndi nsomba, amayi anaphika nsima, ufa uja unagwira ntchito.

Usiku wachinayi, cha m'ma 1 koloko, wamng'ono wathu wa zaka zinayi anadzuka thupi lili moto, akulira khutu. Tinaimba 111, anatifunsa mafunso, n'kutiuza kuti tipite naye akamuone usiku womwewo. Ndinayang'ana Chinyumba: mabedi oyala, amayi ndi wamkulu ali m'tulo, waya wa magetsi, timatabwa pansi, mdima, mvula. Kuti tichisunthe tikanadzutsa aliyense, kuphatikizapo oyandikana nawo. M'malo mwake tinamukulunga mwana, tinalowa mu Aygo. Ndikutembenuza kiyi ndinakumbuka fyuzi ija. Inalira kamodzi. Pasanathe mphindi 15 tinali kuchipatala. Linali khutu chabe, anatipatsa mankhwala, m'bandakucha tinali titabwerera. Tinapeza amayi ali maso, ketulo ili pamoto.

Ndiye mugule?

Osathamanga. Ngati ulendo wanu ndi wogona pano lero, mawa pena, kagalimoto kadzangokhala katundu. Ngati nonse muli ndi miyendo yabwino, njinga kapena basi zikukwanirani. Ngati mumayenda kamodzi pachaka, kubwereka galimoto komwe mwafikako masiku atatu n'kotchipa kutalitali kuposa £2,500. Ndipo pali njira yomwe ogulitsa zitsulo sangakuuzeni: ngati muli madalaivala awiri ndipo ulendo ndi wa maola awiri, wina angoyendetsa kagalimotoko pambuyo. Ife tikamapita ku Whitby kapena Scarborough timatero, A-frame imatsala m'galaja.

Ngolo yokwezapo galimoto ili ndi ubwino wake. Imabwerera m'mbuyo, matayala a kagalimoto sakutha, ndipo kunja kwa Britain simukangana ndi apolisi. Koma ndi yolemera, ndipo imafuna malo oisunga kunyumba ndi kogona komwe.

A-frame ndi ya munthu amene amapita kutali, amakhala malo amodzi masiku angapo, ndipo ali ndi wina m'banja amene sangayende: kholo, mwana wamng'ono, wodwala. Ngati ndinu ameneyo, yambani ndi zinthu zitatu zosadula: kumbuyo kwa laisensi, kachitsulo ka manambala, ndi sikelo. Mukatero m'pamene muyimbire amakaniko.

Amayi anabwerera kumudzi mu Seputembala. Nyumba ija ikadali pa lintala, mvula ya chaka chino iipeza choncho, ndipo alamu anga akumudzi sasiya kundikumbutsa. Sabata yatha mlongo wanga ananditumizira mawu kuti ku Mvano amayi anatenga nthawi yonse ya zolengeza kufotokoza za chipinda cha Livingstone, ndi za mbuzi yawo yomwe inkawatsatira mpaka ku Scotland.

Mwezi wamawa, mafoni a ana. Ulendo uno sindinama. Khalani bwino kulikonse komwe muli.